Chipande Changa ndi Apongozi

Ntaja, Machinga
18 Febuluwale, 2002

Okondedwa achimwene a Jasten,

Ndikhulupirira kuti fodya wa ku Kasungu sanakuumitseni. Ine ndili bwino, ndipo khalani pansi musanawerenge, chifukwa mng'ono wanu Blasius, uja munkati sadziwa ngakhale kuwiritsa madzi, lero akudyetsa theka la Machinga.

Za njala sindikuuzani zambiri. Kwathu ku Utale ndamva kuti akukumba zitsa za nthochi, ndipo kuno kuchikamwini kwanga n'chimodzimodzi. Koma tamverani. A Lukiya, mayi wogulitsa tomato pamsika pano, anatopa kuona zophwanyika zikutayidwa anthu akukomoka pamsewu. Anaitana a kumzikiti ndi a kutchalitchi omwe, nati, "Mimba ilibe mpingo, tiyeni tizitola." Tsopano m'mawa uliwonse timazungulira mabenchi kupempha tomato wophwanyika ndi masamba akunja a kabichi. Kuchigayo amatipatsa madeya ndi mpunga wosweka. A Swaibu a kabaza amakutumula matumba a ogulitsa matemba a ku Chiuta, n'kubwera ndi nyenyeswa zake. Zonsezi zimalowa mu theka la dilamu, ndipo aliyense amadya ulere.

Wogawa ndani? Ine. Mthiko wanga ndi nkhafi yeniyeni ya bwato, chipande changa chikhoza kusambitsiramo khanda. Fungo la phala langa linafika mpaka ku Mozambique, anthu kumeneko anafunsa ngati kuli ukwati. Ine ndimati timadyetsa chikwi, a Lukiya amati ndi anthu makumi asanu ndi atatu, koma iwo amawerenga mitu yokha, ine ndimawerenga ndi mimba zomwe.

Tsopano ndikuuzeni zimene sindikufuna zimveke ku Utale. Tsiku lina mlamu wanu Martina anandikokera pambali.

"Bambo, amayi miyendo yatupa. Lero ndi tsiku lachitatu akungomwa madzi a nkhwani."

"Nanga mbale ija umawatengera?"

"Amangogawira zidzukulu, iwo n'kunyambita chala. Akanadyera pano a Lukiya akuwayang'anira, koma sangabwere."

"Chifukwa?"

"Mukufunsa ngati munakwatira dzulo. Atambasule mbale kwa mkamwini? Atafune inu mukuona?"

Mukudziwa mwambo wake, achimwene. Zaka zinayi apongozi ndikakumana nawo panjira ndimapatukira kutchire, minga yonse ya ku Ntaja imandidziwa dzina. Koma chipande ndinachikakamira. Ndinati kulibe wina amene angagawe mofanana ngati ine, ndipo zoona zake n'zoti ndinkakondwa nako kumva anthu akuti "a Blasius, onjezani pang'ono." Ndinakana masiku awiri athunthu. Lachitatu lake apongozi anagwa pamjigo, ndowa ili pamutu, amayi anzawo n'kuwanyamula pachitenje.

Tsiku lomwelo ndinapereka chipande kwa a Swaibu. Anachilandira ndi manja awiri ngati akulandira ufumu.

"Pitani bwino, bwana," anatero. "Tikadzamanga chipilala chanu tidzachiyang'anitsa kukhoma, apongozi azidutsa mwamtendere."

Kuyambira pamenepo ndimatola, ndimavundula, koma dzuwa likafika paliwombo ndimakabisala kuseri kwa chigayo mpaka anthu onse atamwazikana. Musaseke. Kubisala kwanga n'kwaukatswiri, ngakhale nkhuku za pachigayo sizindiona. Vuto lake n'loti a Swaibu ali ndi dzanja la Msamariya, ndikamabwerera ndinkapeza dilamu likuwala ngati galasi. Masiku anayi ndinangonunkhiza. Sindinauze munthu, mukundidziwa ine, ndikhoza kukhala mwezi ndi mpweya wokha. Kungoti chigayo chinayamba kumazungulira chisanalizidwe.

Loweruka ndili kobisala kuja ndinamva phokoso lazilala. Kenaka Martina anatulukira.

"Amayi akana kudya."

Ndinati kapena chipewa changa chaonekera.

"Iyayi. Akhala pamphasa, mbale ili pamiyendo, afunsa a Lukiya kuti, 'Kodi abisalawo mbale yawo ili kuti? Ine ndi wokalamba, si wakhungu. Buluku lawo amanga ndi luzi.' Akuti satenga supuni mpaka aione."

Mzere wonse unaima, achimwene, chikwi chonse chija. A Swaibu anadzaza mbale, anaivundikira, n'kuionetsa kwa apongozi. Iwo anavundukula, anati matemba achepa, a Swaibu n'kuwonjezeramo, ndipo atawona Martina akuinyamula kubwera nayo kwa ine, m'pamene anayamba kudya. Ine ndinadyera kuseri kwa chigayo. M'maso munalowa fumbi la madeya, ndi lambiri kumeneko.

Ngati kuesiteti kwanuko kuli nyemba zofumbwa zimene akufuna kutaya, musazinyoze, tumizani pa basi. Ife tizisandutsa za ukwati.

Moni kwa alamu ndi ana onse. Martina akupereka moni, a Lukiya ndi a Swaibu nawonso. Apongozi dzulo anapita okha kumjigo n'kubwerako ndi ndowa yodzaza. Atamva kuti ndikulemba kalata anatuma Martina kuti ndiikemo mawu awo osasintha, ndiye ndi awa: "Auzeni akwawo asade nkhawa, mwana wathuyu tikumudyetsa."

Ndine mng'ono wanu,
Blasius