Ndamasula kompyuta yanu

Amayi, kumeneko mwadzuka bwanji?

Ndifunseko: ndani anaika lamulo loti katundu wa malemu asakhudzidwe mpaka abale agawe? Kuno ku komboni ya Ng'ombe aliyense amangovomera, chonsecho ogawawo ndi aja sanapondeko kuchipatala.

Mng'ono wanga Esinati anabereka mwana wamkazi, tamupatsa dzina lanu. Chibwabwa chanu chakuseri, maungu aja munabzala, chinapita ndi mvula. Ine digiri ikadali mu sutikesi.

Mukukumbukira kompyuta ija ba madamu anakupatsani posamuka, zikomo wa zaka zonse munawachapira? Munaisenza pamutu kuchokera kumayadi, mukuti ndi ya mwana wanga wophunzira. Ndi yakale kuposa ine, yachikasu ngati mano a wosuta fodya. Ukaiyatsa umatha kusamba isanadzuke. Ndikadandaula munkati kuthamanga sikufika. Inu munayenda pang'onopang'ono moyo wonse, Amayi. Munafika kuti?

Sukulu ina ya ku Kabanana yandipatsa ntchito yotaipa mapepala a mayeso, ntchito yanga yoyamba. Akuwafuna sabata ino, apo ayi apatsa wina. Koma tsamba likakhala ndi chithunzi, kompyuta imaima n'kumaganiza. Ba Mwansa a ku Matero, okonza vinthu vakale, anandipezera khadi yofulumizitsa. Imalowa m'kati, ili ndi ubongo wakewake wothamanga. Anati gogoyo akwera njinga yamoto.

Ba malume anakana. Akuti kumasula bokosi la kompyutayo musanathe chaka m'manda n'kusokoneza mzimu wanu. Anaiphimba ndi chitenje chanu cha kutchalitchi, n'kuikapo maluwa a pulasitiki. Koma Esinati anawamva akulonjeza mwana wawo kuti pogawa idzakhala yake, aziseweretsa. Ulemu wa mlongo wanu ndi umenewo.

Lero m'mawa ndachotsa maluwa, chitenje ndapinda bwinobwino. Zomangira ndamasula ndi mpeni wanu wa ndiwo uja wothyoka nsonga. M'kati ndapezamo fumbi ndi mphemvu zouma, inu munalibemo. Khadi inayamba yakana, ndaikankha ndi zala ziwiri mpaka yakhala. Nditayatsa, yadzuka ndisanakoke mpando. Ndinafuna kukuitanani kuti mudzaone.

Ba malume abwera Loweruka, adzandipeza ndikutaipa. Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndikulonjeza: chimene munasenza pamutu kulowa nacho muno, palibe adzachisenze kutuluka nacho.

Ndine mwana wanu wosadikira uja,
Tamara