Mowa Wopanda Masese

Zingwangwa,
Blantyre.
14 Juni, 1987.

Wokondedwa mng'ono wanga Joanna,

Ndayamba ndi kufunsa moyo wako ndi wa alamu aAmosi kumudzi kwa Kalembo. Chifuwa chija chinakusiya? Ine kuno ndilipo, koma kungoti ndilipo. Miyendo idakali yotupa. Kuchipatala akuti magazi akuthamanga, ndisayende ulendo mpaka Ogasiti. Ndimangokhala pakhonde kuonerera agalu a eni ake, kuzizira kwake ngati tinalakwira munthu.

Nkhani ndi ya mowa wa chikumbutso cha malemu amuna anga aJimu. Ukudziwa kuti chaka chikukwana mu Ogasiti momwemo, ndipo wofulula ndinayenera kukhala ine. Tsono mwana wangayu Chester wati popeza ndafooka chonchi, tisavutike. Akuti sitolo ina yaikulu m'tauni yayamba kugulitsa mowa wakewake wotchipa, iye agula makireti, akweza sitima mpaka pa Balaka, nkhani yatha. Akuti bambo ake ankaulakalaka mowa wam'botolo. Ndinamuyankha kuti bambo akewo ankalakalakanso njinga yamoto, nanga tikaiimike pamanda?

Lachinayi pochokera kuchipatala anandilowetsa m'sitolomo kuti ndikaone ndekha. Joanna, muja munthu umadzitengera katundu wekha, wokupatsa moni palibe, n'kumakankha kangolo kawaya ngati wazungulira mutu. Mowawo anauika pansi penipeni, pafupi ndi mankhwala a mphemvu. Pabotolo palibe chithunzi, kapepala koyera basi ndi dzina la sitolo. Ndinafunsa mtsikana wolandira ndalama kuti wafulula ndani, kwawo n'kuti, ali pabanja kapena iyayi. Mtsikanayo anayang'ana Chester. Chester anayang'ana kudenga.

Kunyumba mpongozi wanga Bernadetta anandithirira m'tambula yagalasi, mpaka kugwada, ngati akupereka chinthu. Thovu linakwera mwamatama, ndisanagwire n'komwe linali litathawa. Ndinayang'ana m'kati, ndinaona nkhope ya Chester kuseri kwake. Mowa wanji woonekera mbali ina? Ndinamwa. Kuwawa ngati kwinini, kenako mphepo m'mphuno, kenako palibe kanthu. Madzi amene ndimatsukira mbiya amauposa. Pansi pa tambula mbee, ngakhale masese oti upatse nkhuku. Chester anafunsa ngati si wabwino pa mtengo wake. Ndinati mtengo wake sindinaulawe.

Sindinafune kuuweruza ndekha, mwini wake alipo. Wotsala m'botolo ndinapita nawo kuseri patsinde la papaya, ndinagwada movutikira, ndinatchula dzina la aJimu, n'kuthira. Dothi linangomeza. Sipanatsale chizindikiro, nyerere imodzi yomwe sinabwere kudzanunkhiza. Ndinadikira mpaka mawondo anauma. Bernadetta anabwera akunong'ona kuti akazi a eni nyumba akusuzumira pazenera, anena kuti tayamba zamankhwala. Anachita kundidzutsa awiri, iye ndi Chester.

Ndipo taganiza za aHamadi ndi banja lawo. Ndiwo anatsogolera kukumba manda a aJimu tsiku lija, nthaka itauma gwaa. Mowa samwa, chipembedzo chawo chimakana, koma tikafulula timawapatulira thobwa lisanasase, iwo ndi ana onse. M'botolo mutuluka thobwa? Adzakhale pamphasa kukamwa kuli gwa, ife tikugogoda mabotolo?

Tinakangana mpaka ndinatopa. Masiku ano ndimatopa msanga, ngakhale kulalata. Chester anati chabwino, nanga afulule ndani poti akuluakulu onse anatha. Ndinati alipo Joanna. Anaseka, akuti mayi aang'ono ali ndi mwamuna m'nyumba, ndipo mowa wa mizimu safulula munthu wotentha. Waona? Zimenezo akuzidziwa, koma za m'fakitale momwe mwadzaza anyamata a akazi awiriawiri safunsa. Pomaliza wavomera kuti kalata yako ikafika mwezi uno usanathe yonena kuti chimera chaviikidwa, makireti sagula. Ikapanda kufika, agula.

Pempho langa ndi limodzi. Ukangowerenga, tenga mawere ali m'nkhokwe mwanga uviike. Akamera uyanike pamphasa, osati pathanthwe, amapsa. Usapite nawo kuchigayo cha pa Ulongwe, amasakaniza ndi ufa wa anthu osadziwika, usinje mumtondo. Ndipo kuyambira tsiku loviika mpaka tsiku losefa, alamu aAmosi akagone kwa mlongo wawo. Ndikudziwa adzang'ung'udza kuti kwazizira, adzati nkhalamba ngati iwo ingalakwe chiyani. Usawamvere. Nkhalamba imeneyo ndi yomwe inakupatsa mwana uli ndi imvi. Apatse bulangete langa lofiira.

Mbiya yaikulu ili m'nyumba mwanga kuseri kwa chitseko, ndinaivundikira ndi lichero. Ili ndi mng'alu pakhosi, uzinyamulira pansi. Ukatha usabweze. Dzana ndinayesa kunyamula ndowa ya madzi theka, manja anakana, ndiye ndadziwa kuti ine zofulula ndamaliza. Chester sindinamuuze. Iwe udzandisungire chipanda choyamba, ndidzalawe, ndidzakutukwane pang'ono ngati wapsereza, kenako tikathire.

Upereke moni kwa amalume, kwa ana ako onse ndi zidzukulu, kwa aHamadi ndi mayi akunyumba kwawo. Bernadetta akupereka moni, Chester nayenso. Alamu aAmosi uwapatse moni wanga usanawawerengere kalatayi, chifukwa pambuyo pake saulandira.

Yankha msanga, Joanna.

Ndine mkulu wako wotopa,
Rose, amake Chester.