Ndiwauze bwanji apongozi kuti ndiwo anatseka chumuni?

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 29, ndili pa chikamwini m'mudzi wina kuno ku Sinda. Ndalemba chifukwa nkhaniyi ndilibe woti ndimuuze, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Mkazi wanga Yunesi wachira posachedwapa, mwana wamkazi. Kabadwa masiku asanakwane, kakang'ono zedi, moti pokanyamula umachita kuopa. Potitulutsa m'chipatala anamwino anati, "Mdani wa mwanayu ndi chisanu. Asazizidwe ngakhale pang'ono." Nanga Juni wa chaka chino mukumuona nokha mmene walusira.

Mwana wathu woyamba anatisiya nyengo ngati yomwe ino, ndi chibayo. M'chikuta mwake munali moto wapansi, zikuni zaziwisi, mawindo otseka, utsi wokhawokha. Sindinganene kuti utsiwo ndiwo unamupha, koma mmene kachifuwa kake kankalirira ndimamvabe mpaka lero. Ndiye Yunesi atangoima ndinalumbira kuti uyu yekha sadzapuma utsi.

Nditagulitsa mtedza ndinapita ku Katete kwa a Yasin, amene amawotcherera zitsulo pafupi ndi msika. Iwo amapanga chitofu cha nkhuni chamakono: bokosi lachitsulo loyalidwa njerwa m'kati, lokhala ndi kachitseko ndi chumuni, paipi yotulutsira utsi panja. Anabwera okha kudzachiika m'chipinda, paipiyo n'kuitulutsira pakhoma la kuseri. Aphungu, chinthucho n'chabwino. Tinkhuni tochepa touma, chipinda chonse chafunda, maso osawawa, matewera osanunkha utsi.

Amene akusamala chikuta ndi apongozi anga aakazi, monga mwa mwambo, ndipo ine ndikugona kwa mlamu wanga. Chitofucho apongoziwo sanachikonde chibwerere. Anauza Yunesi kuti, "Moto wanji wobisala m'bokosi? Kutentha konse kukuthawira panja. Kodi tikuwothetsa mbalame?" Ine ndinangoseka, ndinkati azolowera.

Lachisanu lapitali ndinaona dzuwa lakwera koma chitseko chili chitsekere. Ndinagogoda, zii. Ndinaitana, zii. Ndinaiwala za mwambo, n'kukankha chitseko ndi phewa. M'katimo munali mofunda bwinobwino, mopanda utsi. Koma Yunesi anali atasanza, akulephera kuimirira, akuti mutu ukung'ambika. Apongozi anali atatsamira khoma ngati aledzera. Mwana anali lefuu, osalira, osayamwa. Anansi anatithandiza kuthamangira nawo ku chipatala, kumene anawaika pa mpweya. Mulungu ndi wamkulu, onse atatu anatsitsimuka.

Tsopano mudzi wonse ukuti chitofu cha mkamwini chikanatha banja. Apongozi alamula kuti chisayatsidwenso. Akulowetsa mbaula ya makala m'chipindamo, chitseko n'kutseka, mipata yonse n'kutsekera nsanza.

Koma Lachisanu lomwelo, nditabwerako ku chipatala, ndinazungulira kuseri kwa nyumba, ndipo ndinapeza chiguduli chitakanikizidwa kukamwa kwa paipi ija. Nditamufunsa Yunesi anayamba kulira. Anati, "Ndi amayi. Nkhuni zitasanduka makala anati utsi watha, atseke kuti kutentha kusathawe. Chonde abambo, musauze munthu. Zikamveka, amayi adzakhala bwanji pamudzi pano?"

Mayiwa si oipa ayi. Mdzukulu wawoyu sakumuika pansi, ndipo pa maliro a woyamba uja analira mpaka mawu kutha. Ine ndine mkamwini, sitiyang'anana n'komwe m'maso. Ndingatsegule bwanji pakamwa kunena kuti dzanja lawo ndilo likanapha mwanayu? Zoti dzina langa laipa sizikundiwawa kwenikweni. Chikundisowetsa tulo n'chakuti ndikakhala chete, mbaula ija izigonabe ndi mwana wanga. Ndili ndi mantha, Aphungu. Ndichite chiyani?

O. B., Sinda

Bambo O. B.,

Pepani ndi maliro aja, ndipo tithokoze kuti ulendo uno simunakumbe manda atatu. Munachita bwino kuthyola chitsekocho.

Ndiyambe ndi chimene sichingadikire. Mbaula ya makala ituluke m'chipindamo lero. Chimene chinagwetsa banja lanu ndi mpweya wapoizoni umene umatuluka m'makala oyaka. Suoneka, sununkha, munthu amangomva mutu ndi tulo, n'kupita osadziwa. Chitofu chanu chinkautulutsira panja mpaka pamene paipi inatsekedwa. Mbaulayo ilibe paipi n'komwe, ndiye zimene zinachitika Lachisanu zikhoza kuchitikanso tsiku lililonse.

Chinsinsi cha Yunesi ndikuchimvetsa, mwana aliyense amaphimba mayi ake. Koma musachisunge. N'kutheka kuti apongozi anu sakudziwa n'komwe kuti chiguduli chija ndicho chinabweretsa tsokali, akukhulupiriradi kuti ndi chitofu. Munthu amene sanauzidwe pamene analakwa amabwereza, ndipotu akubwereza kale ndi nsanza zawozo. Kukhala chete kwanuko sikukuwateteza. Kukuwasiya kuti adzanyamule mlandu umene sadzautula moyo wawo wonse.

Yambani ndi Yunesi. Muuzeni nokha, modekha, kuti nkhaniyi simuisunga, asakamve kwa ena. Kenako musalunjike kwa apongozi, paja amati mkamwini asamakule mwendo. Pitani kwa ankhoswe, makamaka amalume ake a Yunesi, amene angalankhule ndi mlongo wawo popanda kuzungulira. Akhale nawo pambali, osati pabwalo. Ngati n'kotheka papezekenso namwino kapena mlangizi wa zaumoyo, kuti nkhani ya mpweyayo ichoke pakamwa pa achipatala, isakhale ya mkamwini. Mawu ake akhale oona koma ofatsa: munatseka pofuna kuti mwana afunde, mtima wanu unali wabwino, koma pali chimene simunadziwe. Anthu a m'mudzi akafunsa, ingonenani kuti paipi inatsekeka. Si bodza, ndipo dzina la munthu silikufunika.

Inunso ndikudzudzuleni pang'ono. Munalowetsa chinthu chachilendo m'chikuta, mwini chikuta osamuphunzitsa, ndipo atadandaula inu munaseka. Konzani pamenepo. Itanani a Yasin adzaone ngati paipi sikudontha utsi molumikizira, aikenso kachipewa kukamwa kwake kuti pasalowe mbalame kapena chiguduli. Akatero awaonetse apongozi okha kayatsidwe kake, kuti moto wa m'chikutamo ukhalebe m'manja mwawo. Adziwe kuti chumuni satseka ngakhale utsi utatha, kufikira phulusa litazizira. Nkhuni zikhale zouma, windo lisiyidwe kampata, ndipo mwaye muzichotsa m'paipi kawirikawiri. Wina akangomva mutu, chizungulire kapena nseru, kapena mwana akasiya kuyamwa, onse atuluke panja nthawi yomweyo, ulendo wa ku chipatala.

Podikira zonsezi mwana asazizidwe. Yunesi amuike pachifuwa, khungu ndi khungu, amuveke kachipewa ndi masokosi, n'kumanga ndi chitenje. Palibe chitofu choposa thupi la mayi. Yunesi akatopa alandire agogo akewo, ndipo mudzaona kuti ntchito imeneyi aikonda.

Nanga akakana zonse? Pamenepo limbani mtima. Uzani ankhoswe kuti mayi ndi mwana mukuwachotsa m'chipindamo, kaya kubwerera nawo ku chipatala, kaya kwanu. Ulemu wa chikamwini ndi waukulu, ndikudziwa, koma suposa moyo wa mwana.

Chenjezo langa ndi ili: musazengereze pofuna nthawi yabwino, pakadafunda padajiwitsa galu. Apongozi angakunyanyaleni mpaka dzinja, zimenezo mudzapirira. Koma kamwana kochepa chomwecho kadzuka kamodzi, musakayese kachiwiri. Musadikire kuti ankhoswe apeze tsiku. Pitani mukawatenge ankhoswewo dzuwa lisanalowe.

Aphungu