Chiganizo cha Tikondane

Lisungwi, Neno
17 Novembala 2024

Okondedwa achimwene a Binwell,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Mzuzu. Kuno dzuwa likuotcha kwambiri. Mvula yagwa kamodzi kokha, ena adzala, ine ndikudikirabe. Mango achuluka chaka chino, akungowolera pansi pa mitengo poti ogula akusowa. Musadabwe kuti ndalemba kalata pomwe foni ndili nayo. Nkhani iyi pa foni ndikhoza kuyamba kulira musanamve ndi mutu wake womwe.

Mwana wathu Tikondane amuchotsa sukulu. Anzake a Fomu 4 akukonzekera mayeso, iye akusenda chinangwa pakhonde. Sanabe, sanamenye munthu, sanamupeze ndi mnyamata. Anangoyankha funso m'kalasi.

Kusukulu kwawo kunabwera mphunzitsi watsopano wa Chingerezi, amati a Madamu Prudence, kwawo ndi ku Zomba. Tsiku lina anawaphunzitsa liwu lakuti rampant. Inu munapita patali ndi sukulu, mukulidziwa, koma ine ndinachita kufunsa. Akuti limanena chinthu choipa chimene chafala paliponse, chikungoyanga ngati kaufiti m'munda wa chimanga, wochiletsa palibe. Ndiye anauza ana kuti aliyense aimirire apange chiganizo ndi liwulo. Wina anati kuba mbuzi kuli rampant ku Chifunga. Wina anati kuotcha makala kuli rampant m'mapiri mwathu muno. Wina wanthabwala anati nsabwe zili rampant m'mutu mwa mnzake, kalasi yonse n'kufa nako kuseka. Itafika nthawi ya Tikondane, anaimirira n'kunena m'Chingerezi kuti kupereka mimba kwa ana asukulu kuli rampant pakati pa aphunzitsi a pasukulu pano.

A Madamu anangoti, "Chiganizocho chaongoka, khala pansi." Pofika poweruka, nkhani inali itafika kale kuofesi.

Achimwene, mukumukumbukira Chrissy, mwana wa a Ezekiele, uja ankabwera kudzawerenga ndi Tikondane? Anasiya sukulu teremu yatha ali ndi pakati, ndipo anamutumiza kwa azakhali ake ku Mwanza. Palibe wosadziwa kuno kuti mwini wake ndi a Jailosi, mphunzitsi wa masamu. Pamjigo timanena, kuchigayo timanena, pochokera kutchalitchi timanena. Koma timanena motsitsa mawu, ndiye sikhala mlandu.

Anandiitana kusukulu. Ndinapeza a hedi, a Madamu Prudence ndi akuluakulu a komiti ya makolo atakhala pamipando, mwana wanga ataima pakati ngati wakuba. A Jailosi munalibe, akuti anali ndi kalasi. A hedi anayamba mofatsa, akumwetulira.

"Mayi, mwana wanu ndi wanzeru, koma Chingerezi chimavuta. Liwu limene anagwiritsa ntchitoli limanena chinthu chochuluka, chosawerengeka. Iwe Tikondane, tatiuza, atsikana ukunenawo ndi angati?"

Tikondane anayamba kuwerenga ndi zala. Anatchula Chrissy, anatchula Mayamiko, anatchula Atikonda.

"Atatu basi?" anatero a hedi. "Pasukulu yodzaza atsikana chonchi? Ngakhale zikanakhala zoona, atatu si rampant."

Amuna a m'komiti aja anaseka. Achimwene, anaseka! Ana a anthu atatu, ndipo nkhani inasanduka yoyeza ngati liwu lakwana kapena lachepa.

Kenako anaimirira a Ezekiele, bambo ake a Chrissy enieniwo, poti nawonso ali m'komiti. Anati, "Mwana wanga anamulakwira ndi mnyamata wa kabaza, anathawira ku Mozambiki. Dzina la banja langa lisalowe m'mabodza a ana." Ananena osayang'ana munthu. Mukadzabwera mudzaona nokha malata atsopano akuwala padenga pawo, pomwe chaka chino sanakolole ndi nandolo yemwe.

A hedi anafunsa a Madamu ngati ali ndi mawu. Iwo anati, "Ine ndinangophunzitsa liwu." Ali ndi ana awiri aang'ono ndipo akukhala m'nyumba ya sukulu, ndiye ndimayesetsa kuwamvetsa. Masiku ena zimatheka.

Anagamula kuti Tikondane apepese pamaso pa sukulu yonse, anene kuti ananama, apo ayi asadzapondenso. Ine ndinagwada pansi, mlongo wanu, pa simenti ya muofesi muja. Ndinamukoka siketi, ndikuti, "Pepesa mwanangu, mayeso ali pafupi." Anandiyang'ana n'kundifunsa kuti, "Amayi, ndipepese kuti ndalakwitsa liwu, kapena kuti zimenezi sizinachitike?" Tinatuluka, ine patsogolo, iye pambuyo, ndipo njira yonse ndinamukalipira. Ndinamuuza kuti pakamwa pake pamuphera tsogolo.

Pano liwu lija aliyense walidziwa, ngakhale amene sanaponde m'kalasi. Tikondane akamadutsa pamsika, anyamata a kabaza amakuwa kuti, "Rampanti uyo!" Amuna a pabawo akuti kachasu ali rampanti mwezi uno. Dzana mayi wina wogulitsa tomato anandiuza akuseka kuti ntchentche zili rampanti, kenako anazindikira kuti ndine ndani, n'kundiwonjezera tomato mmodzi. A Jailosi akuyendabe panjinga yawo yamoto. Akandipeza panjira amachepetsa liwiro n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji mayi?" Ndipo ine ndimayankha kuti ndaswera bwino kaya inu. Pakamwa panga pamayankha pokha.

Tsono pali china chimene sindinauze munthu aliyense. Muofesi muja, Tikondane atatchula maina atatu aja, anatambasula chala chachinayi. Anatsegula pakamwa, anayang'ana ine, n'kuchipindanso. A hedi sanaone, a komiti sanaone, koma ine ndinali pafupi. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikukumbukira zinthu zimene ndinkaziona ngati zachibwana. Teremu yatha anasiya mwadzidzidzi maphunziro apadera a masamu amene a Jailosi ankachititsa kunyumba kwawo, ine n'kumamunena kuti ndi ulesi. Kawiri konse ndinamuperekeza ndekha mpaka pakhomo pawo, n'kuwathokoza chifukwa chomuthandiza mwanayu. Pakati alibe, zimenezo ndatsimikiza. Zinazo sindinamufunse. Ndimati ndimufunse, koma ndikamuyang'ana ndimapezeka ndikumutuma madzi.

Inu ndinu malume ake, mwinimbumba ndinu. Chonde bwerani mudzamutenge mwezi uno usanathe, mukamupezere malo kumeneko alembe mayeso ake. Ndi mwana wogwira ntchito, alamu sadzadandaula naye. Mukabwera musapite kusukulu kukachita phokoso monga ndikukudziwirani, chifukwa inu mudzakwera basi kubwerera, ine ndidzatsala konkuno ndi mng'ono wake Phoebe, amene chaka chamawa akuyamba Fomu 1 pasukulu yomweyo. Ina yapafupi kulibe.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti nandolo wawo ndawasungira. Moni kwa Noah ndi Gabriel, alimbikire sukulu. Phoebe akuti moni, akuti mudzamubweretsere chikwama cha mabuku, akuwerenga miyezi kuti ayambe kuvala yunifolomu ya kusekondale. Tikondane ndamuuza kuti ndikulembera amalume ako, kodi ndiwauze chiyani? Wati ndikuuzeni kuti ali bwino. Ndalemba monga wanenera.

Ndine mlongo wanu,
Stelia