Mkono wa Doris Pabowo la Khoma

Lolemba, 6 Ogasiti 1956

Nthomba yafika ku Msanzala, ayamba kale kuika maliro a ana. Wotemera wa boma, bambo Vitalis, abwera kuno Lachinayi, tsiku limodzi basi. Tsono Doris, mwana wa malemu mkulu wanga, ali m'nyumba ya chinamwali mpaka mwezi uthe. Mtima uli m'mwamba. Nthomba yomweyi ndiyo inatenga mayi wake, ine n'kundisiyira nkhope yonga chisa cha mavu.

Lachiwiri, 7 Ogasiti

Ndapita kwa anamkungwi, amai Perpetua, kukapempha kuti Doris atemeredwe. Akanitsitsa. "Mwamuna aone namwali? Mwapenga, amai? Olo atumidwe na boma!" Ndabwerako ndikukalipira nkhuku za eni.

Lachitatu, 8 Ogasiti

Ndabwererako, manyazi ndasiya kunyumba. Ndawafunsa ngati mwambo umaletsanso kuona mkono wokha. Anunkhiza fodya, kulingalira, kenaka akuti, "Mkono ni mkono, aliyense ali nawo." Pomwepo ndathamangira khasu. Tabowola khoma lakuseri, ndalonjeza kuti wodzamata ndine.

Lachinayi, 9 Ogasiti

Lero ndiye lero! Bambo Vitalis atamaliza mzere wapabwalo ndawakokera kuseri. Poyamba aseka. "Ine nitemela anthu, osati zipupa." Koma agwada. Mkono watulukira pabowo uli noninoni ndi mafuta a nsatsi, ndautsuka ndi sopo, iwo n'kukanda ndi kasingano kawo. Doris osati n'kuyerekeza kulira, namwali salankhula.

Akulongedza, taona mkono wina watulukira, wamakwinya, wa chibangili chamkuwa. Mawu m'katimo: "Fulumilani bambo, musaniyang'ane." Amai Perpetua! Ndaseka mpaka kukhala pansi.

Bambo Vitalis anditsina khutu kuti pakapanda kutuluka chithuza, katemera sanagwire.

Lamulungu, 12 Ogasiti

Nthomba yalowa tsidya la dambo. Pamkono pa Doris pali zii. Ku Misa sindinamve kanthu.

Lachitatu, 15 Ogasiti

M'mawa ndalowa ndi phala. Doris, mutu uli chowerama monga amuphunzitsira, wakwinya nsalu paphewa. Chithuza tupu, chachikulu ngati nzama, chofiira m'mbali. Wagwira! Ndakhutula phala pamphasa, nthungululu yatuluka yokha m'nyumba yomwe saloleza ngakhale kutsokomola.

Amai Perpetua andikankhira panja, akuti ndilipa nkhuku. Kenaka anditsata, ayang'ana uku ndi uku, akwinya bulauzi. "Nanga changa ichi, chili bwino?"