Mtengo wa mango kuseri kwa sitolo

Okondedwa malume,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko. Kuno ku Kasakula tilipo, kungoti amayi mwendo uja ukuwavutabe.

Lachiwiri kunafika bambo ena okalamba, mmwenye, n'kuima pakhomo pa sitolo yakale ija timasungamo fodya. Ine ndimati abwera kudzalanda nyumba. Ndinawalonjera m'Chingerezi, koma anandiyankha m'Chichewa chathu chomwechi: “Musaope mayi, ine ndinabadwira m'nyumba muno.”

Anatifotokozera kuti agogo awo anachoka ku India pa sitima yapamadzi, n'kudzayamba kugulitsa nsalu ndi mchere kuno, mpaka pamene boma linasamutsira amwenye m'matauni. Kenaka anapempha kuona mtengo wa mango uli kuseri uja. Akuti anaudzala ndi amayi awo. Atafika pamtengopo, anaugwira thunthu lake. Pochoka anangotenga mango awiri.

Malume, munati tiudule kuti tikuze chigafa. Chonde tiloleni tiusiye, chigafacho tidzamangira mbali ina. Ine ndawalonjeza kale kuti akadzabwera ndi zidzukulu zawo adzaupeza uli chilili.

Mulungu akusungeni.

Ine mwana wa mlongo wanu,
Nabanda