Kamera imene ndinagula kuti ndikuoneni

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno tilipo. Ndisanayambe za mvula ndi za ana, ndili ndi chilengezo chapadera, ndipo ngati muli ndi anzanu pafupi auzeni akhale pansi. Mwana wanu Limbani, amene munamuphunzitsa ndi mbatatesi mpaka kukafika ku yunivesite, wagula kamera. Si ya pafoni ayi. Ndi kamera yeniyeni, yakuda bii, yolemera ngati mwanamphero, yokhala ndi lamba wopachika m'khosi. Ndikudziwa zimene mukunena: "Ophunzira inu, njala ikakusiyani mumayamba kudwala zinthu." Nenani ndithu. Mawu amenewo ndawasowa.

Mvula chaka chino inachedwa koma itabwera inagwa mwaulemu. Mbatatesi zachita bwino, nandolo nayenso sanatichititse manyazi. Msewu wopita ku boma uli momwe munausiyira, moti mutabwera simungasochere, maenje onse mukuwadziwa. Mtengo wa manachesi umene munabzala kuseri kwa nyumba wabereka mpaka nthambi tazichirikiza ndi mphanda. Nkhani yaikulu ndi yakuti mlongo wanga Tiyamike ali ndi mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Wayamba kale kulongolola, choncho dzinalo silinasochere.

Mwana ameneyu ndi amene wandichititsa kugula kamera. Tsiku lina Tiyamike akumuyamwitsa pakhonde anati, "Achimwene, uyu akadzafunsa kuti agogo ake anali otani, tidzamuonetsa chiyani?" Tinafufuza nyumba yonse. Tinapeza chithunzi chimodzi chokha, cha amayi a kumpingo, inu muli mzere wakumbuyo, nkhope yanu yaing'ono ngati nyemba, komanso mukuyang'ana kumbali. Mukukumbukira chifukwa chake. Wojambula wa panjinga uja akabwera munkati, "Lero ayi, sindinavale bwino. Mudzandijambula tsiku lina." Mafoni atabwera munkabisa nkhope ndi dzanja. Zikhatho zanu tili nazo zambiri, Amayi.

Tsiku limenelo ndinatsinzina kuti ndikuoneni. Mawu anu anabwera msanga, kayendedwe kanu kanabwera, koma nkhope inali ikusuluka ngati chitenje chochapidwa kawirikawiri. Ndinachita mantha.

Ndiye ndinakumbukira mng'ono wanu, amayi aang'ono a Esinati a ku Chifunga. Pamaliro panu atalowa m'nyumba ya siwa anthu ena anadzidzimuka, ankayesa mwadzuka. Nkhope yanu yatsala pa iwo okha. Koma masiku ano shuga wawavuta, ku chipatala cha ku Lisungwi akupitako pafupipafupi, ndipo achepa thupi. Ndinaona kuti "tsiku lina" lija likhoza kutipitiriranso kachiwiri.

Kusankha kamera si ntchito yamasewera. Ndinawerenga pa intaneti mpaka mutu unatentha. Kumeneko anthu amakangana za makamera ngati mipingo ikukangana za ubatizo, aliyense akuti ya mnzake ndi yotayika. Pomaliza ndinakwera minibasi kupita ku Limbe, ku kasitolo kogulitsa makamera ogwirapo kale ntchito. Mwini wake, bambo wina wamfupi wokonda nkhani, anandifunsa, "Bwana, mukufuna kujambula chiyani? Maukwati? Mpira? Mbalame?"

Ndinati, "Munthu mmodzi."

Anati, "Ndiye muzimukonda kwambiri munthuyo."

Anandionetsa mtundu umene amautcha DSLR. Mkati mwake muli kagalasi, moti ukasuzumira pakabowo kakumbuyo umaona zomwezo zimene diso la kamera likuona. Disolo amati lenzi, ndipo limachoka n'kuikapo lina. Batire lake limakhalitsa, chinthu chofunika kwathu kuno kumene magetsi amabwera ngati mlendo wa kutali. Nditasuzumira koyamba, Amayi, ndinailozetsa panja pa sitolo. Kutsidya kwa msewu kunali mayi wogulitsa nthochi. Ndinaona timadontho ta thukuta pamphuno pake, ndi kaulusi kamene kanasomoka paphewa la bulauzi lake. Magalimoto, phokoso, zonse zinazimirira, kunatsala munthu. Zaka zonsezi ndimayenda ndi maso awiri osadziwa kuti nkhope ya munthu ili ndi zinthu zambiri chotero.

Panali malenzi awiri, lalifupi ndi lalitali. Intaneti yonse ndi wogulitsa yemwe anagwirizana kuti la nkhope ndi lalifupi. Ndinatenga lalifupi, n'kuikulunga kamera m'chitenje chanu chobiriwira chija poopa fumbi la msewu wathu.

Kenako ndinachita zimene munatiphunzitsa, zakuti kwa akuluakulu sapita modzidzimutsa. Ndinaimba foni ku Chifunga kunena kuti ndikubwera kudzajambula. Ndikufika ndinapeza pabwalo posesedwa, mpando uli pakati, amayi aang'ono atasamba, atadzola, duku latsopano kumutu, nsapato zothina kumapazi. Oyandikana nawo nyumba nawonso anali atavala za Lamulungu, akudikira pamzere. Amayi aang'ono anakana mpando, anaima njo ngati msilikali, manja m'mbali, pakamwa atatseka.

Ndinati, "Amayi, tasekani pang'ono."

Anati, "Ndiseke chiyani? Chithunzi si masewera. Ukufuna adzukulu adzati ndinali wozungulira mutu?"

Zithunzi zinatuluka zowala bwino, ulusi uliwonse wa duku ukuoneka. Koma inu munalibemo. M'zithunzimo munali mayi wina wachilendo, wokwiya ndi nsapato.

Ndili pa kabaza pobwerera m'pamene ndinazindikira kuti ine sindinakuonenipo mutaima chilili. Nkhope yanu inkakhala pantchito nthawi zonse: kudzudzula, kusekera mbali imodzi ya pakamwa, kukweza nsidze munthu akamanama. Nkhope yoteroyo siidikira munthu amene waima pafupi ndi chitsulo kumaso. Ndinabwereranso ku Limbe kukasinthitsa lenzi lalifupi ndi lalitali lija, lojambula uli patali. Wogulitsa anaseka, "Mwatembenuka, bwana? Tsopano ndi mbalame eti?" Ndinati eya, mbalame yochenjera kwambiri.

Manachesi atapsa, amayi aang'ono anakwera kumtunda kuno kudzaona khanda. Ulendo uno sindinanene kanthu. Masana anakakhala pansi pa mtengo wanu, atavula nsapato, duku litapendama, akusenda nachesi ndi chala chachikulu monga munkachitira inu. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, munthu wa digiri, nditagwada pa zitosi za nkhuku. Mbuzi ina inabwera n'kuyamba kukoka nsonga ya chitenje chawo. Anatembenuka, anakweza nsidze, n'kuiloza ndi mlomo: "Iwe, ulibe kwanu?" Kenako anadziseka okha. Kamera inangoti kwapa.

Ndinayang'ana pakagalasi kakumbuyo koonetsa chithunzi. Munali inu, Amayi. Dzuwa likudutsa m'masamba n'kugwera patsaya, mpata wa mano uja uli poyera, ngakhale timadzi ta khungu la nachesi tinali titaima m'malere ngati tauzidwa kuti tidikire. Kanthu kamene kanachitika mofulumira kuposa kuphethira kanakhala duu m'manja mwanga. Ndawerenga za magalasi ndi kuwala, ndikhoza kukufotokozerani mmene zimachitikira, koma nditagwada pamenepo kufotokozako kunalibe ntchito.

Tiyamike ataona anangokhala pansi pomwepo, mwana ali kumsana. Amayi aang'ono anaitenga kamera ndi manja awiri, nayang'anitsitsa chithunzicho. Kenako anati, "Awa ndi achemwali. Wawatenga kuti?" Atapukuta m'maso anawonjezera, "Koma dukulo lapendama. Ukanandiuza."

Chithunzicho ndinakachitsukitsa chachikulu ndipo chili pabalaza. Aliyense wolowa amaima kaye, ena mpaka amavula chipewa. Anzanga a ku ofesi amandifunsa kuti kamerayo ndinagula zingati, ine ndimangoseka n'kuwauza kuti afunse mbatatesi.

Koma inu ndikuuzani. M'mawa uliwonse ndakhala ndikuchiyang'ana chithunzicho, ndipo tsopano ndikatsinzina, nkhope imene imabwera ndi ya pansi pa mtengo ija. Imabwera yowala, yosasuluka, ili ndi kachipsera pachibwano. Kachipsera kameneko ndi ka amayi aang'ono, inu munalibe. Kankhope kanu kosuluka kaja, kamene kanali kanukanu, ndikakafuna sindikukapezanso. Dzulo ndinafunsa Tiyamike ngati munkakweza nsidze ya kumanja kapena ya kumanzere. Anayamba wayang'ana pakhoma asanayankhe. Za zimenezi wogulitsa uja sananene, ndipo pa intaneti sindinaziwerenge paliponse.

Sindichichotsa pakhomapo. Koma ndikulonjeza kuti mwanayu akadzakula sindidzamunamiza. Ndidzamuuza kuti awa ndi agogo ako aang'ono, agogo ako enieni anafanana nawo, koma sanavale bwino tsiku lojambula. Akadzafuna kudziwa zambiri, mawu anu ndidzamuyeserera ndine, pakuti amenewo ndikadali nawo onse.

Manachesi oyamba tinakusiyirani pamtengo, mbalame zadya m'malo mwanu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Limbani